Mankhwala a mwana kusukulu ndi nsabwe za m'mutu: zimene makolo ayenera kudziwa

CHALIMBANA, Chongwe – Temu ikatsegulidwa mu Januwale, mu Meyi ndi mu Sepitembala, aphunzitsi amakumana ndi zinthu ziwiri zimene makolo ambiri sakonda kuzikamba poyera. Coyamba ndi mwana amene wabwera ndi mapiritsi m'thumba la yunifomu, okulungidwa m'kapepala kopanda dzina. Caciwiri ndi mwana amene akukanda m'mutu kosaleka pakati pa phunziro.

Zinthu ziwirizi zimathetseka mosavuta zikadziwika msanga. Cimene cimavulaza ana ndi kubisa. Kholo likacita manyazi kuuza mphunzitsi za matenda a mwana wake, tsiku limene mwanayo adzagwa m'kalasi sipadzakhala wodziwa cocita. Kholo likacita manyazi ndi nsabwe, limathamangira palafini kapena mankhwala a kudimba, ndipo kacirombo kamene sikapha munthu kamakhala ciyambi ca ulendo wa kucipatala.

Nkhani ino ikufotokoza mbali ya kholo, mbali ya mphunzitsi ndi mbali ya kiliniki pa zinthu ziwirizi, makamaka kwa anthu a ku Chalimbana ndi madera ena a m'boma la Chongwe.

Chalimbana ndi zaumoyo m'masukulu

Chalimbana ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kum'mawa kwa Lusaka, m'dziko la Asoli la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Malowa amadziwika ndi maphunziro a aphunzitsi kuyambira mu 1939, pamene sukulu ya Jeanes inasamutsidwira kuno kucokera ku Mazabuka. Aphunzitsi a Jeanes sanali kuphunzira za m'kalasi zokha. Iwo pamodzi ndi akazi awo anali kuphunzitsidwanso ukhondo, kasamalidwe ka ana ndi ulimi, kuti akafalitse zimenezi m'midzi. Mu 1970 malowa anakhala koleji yoonjezera maphunziro a aphunzitsi amene ali kale pa nchito, yodziwika ndi dzina lakuti NISTCOL, ndipo pambuyo pa lamulo la maphunziro apamwamba la 2013 anakhala Yunivesite ya Chalimbana.

Motero ganizo lakuti mphunzitsi ali ndi mbali pa umoyo wa mwana si lacilendo kuno. M'caka ca 2000, pa msonkhano wa maphunziro ku Dakar m'dziko la Senegal, mabungwe a WHO, UNICEF, UNESCO ndi World Bank anagwirizana pa mfundo zolimbikitsa zaumoyo m'masukulu. Zambia inayamba kuyesa pulogalamu ya zaumoyo ndi kadyedwe m'masukulu, yodziwika mwacidule kuti SHN, m'cigawo ca Kum'mawa kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000. Mu 2006 Unduna wa Zamaphunziro unatulutsa ndondomeko ya dziko lonse ya pulogalamuyi. M'zaka zaposacedwa bungwe la Healthy Learners, limene linayambira mu Lusaka, lakhala likugwirizana ndi boma pophunzitsa aphunzitsi ena kuzindikira mwana wodwala ndi kumutumiza kukiliniki mwamsanga.

Kuyambira mu Januwale 2022, pamene maphunziro anakhala aulere m'masukulu aboma mpaka kusekondale, ana anaculuka kwambiri m'makalasi. Mphunzitsi mmodzi sangadziwe yekha za mwana aliyense. Afunika kuuzidwa.

Pamene nchito ya mphunzitsi ithera

Mphunzitsi si dotolo. Iye sapima matenda, salemba mankhwala, ndipo sayenera kusintha mlingo umene a kukiliniki analemba. Cimene angacite ndi kuona kuti mwana sali bwino, kusunga mankhwala amene kholo lamusiyira, kukumbutsa mwana nthawi yomwera, kuitana kholo ndi kutumiza mwana kukiliniki.

Sukulu iliyonse ili ndi kacitidwe kake. Kwina mankhwala amasungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, kwina ndi mphunzitsi wa SHN, ndipo m'masukulu ogonera komweko amasungidwa ndi mayi kapena bambo woyang'anira malo ogona. Kholo lifunse kuciyambi kwa caka, mwana asanadwale, kuti lidziwe munthu womuona.

Mwana akapatsidwa mankhwala kukiliniki

Mfundo yoyamba ndi yakuti mankhwala ambiri safunika kupita kusukulu. Omwa kamodzi kapena kawiri pa tsiku amamwedwa m'mawa ndi madzulo kunyumba. Ngakhale omwa katatu, kawirikawiri angathe kumwedwa m'mawa mwana asananyamuke, masana akaweruka, ndi usiku pogona. Funsani namwino kapena wopereka mankhwala ngati nthawi zimenezi zili zoyenera pa mankhwala amene mwapatsidwa.

Ngati n'kofunikadi kuti mwana amwe ali kusukulu, tsatirani izi:

1. Pitani nawo nokha mankhwalawo, kapena tumani munthu wamkulu. Musapatsire mwana wamng'ono. M'cikwama mapiritsi amatayika, amanyowa, ndipo nthawi zina amagawidwa kwa anzake monga maswiti.

2. Mankhwala akhale m'kathumba kapena m'botolo limene anacokera nalo kukiliniki, lolembedwa dzina la mwana, dzina la mankhwala ndi kamwedwe kake. Mphunzitsi akakana mapiritsi okulungidwa m'nyuzipepala musamukwiyire, cifukwa akuteteza mwana wanu.

3. Lembani kalata yaifupi yochula dzina la mwana, giredi yake, nthawi yomwera, mlingo, tsiku lotsiriza ndi nambala ya foni imene mungapezeke nayo. Amene satha kulemba auze mphunzitsi pakamwa, ndipo mphunzitsiyo alembe iwo ali pomwepo.

4. Mlingo woyamba wa mankhwala atsopano umwedwe kunyumba, kumene mungaone ngati mwana watuluka zidzolo, watupa milomo kapena akuvutika kupuma.

5. Uzani sukulu ngati pali mankhwala amene sagwirizana ndi thupi la mwana, monga penisilini kapena Septrin, ndiponso zakudya zimene zimamudwalitsa, monga nshawa kapena mazira.

6. Masiku omwera akatha, katengeni otsala. Musawasungire mng'ono wake.

Mankhwala amene makolo amalakwitsa kawirikawiri

Oyamba ndi a malungo. Mu 2002 Zambia inasiya kudalira kolorokwini n'kusankha Coartem kukhala mankhwala oyamba a malungo. Mankhwalawa amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Mlingo waciwiri umabwera patapita maola 8 kucokera pa woyamba, ndipo masiku awiri otsatira amamwedwa m'mawa ndi madzulo. Amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi cakudya cokhala ndi mafuta pang'ono, monga phala la nshawa kapena mkaka. Mwana amayamba kupeza bwino pa tsiku laciwiri, ndipo apa m'pamene ambiri amasiyira. Amalize onse. Komanso kutentha thupi kulikonse si malungo. Mwana apimidwe magazi coyamba.

Aciwiri ndi maantibayotiki, monga amoxicillin. Awa sathandiza pa cimfine wamba. Akalembedwa ndi a kukiliniki, amwedwe masiku onse amene achulidwa. Aufa amene amasungunulidwa ndi madzi amakhala masiku owerengeka cabe, monga mmene zalembedwera pa botolo, ndipo sayenera kusiyidwa padzuwa.

Acitatu ndi paracetamol, amene ambiri amangowacha Panado. Mlingo wake umatsatira kulemera kwa mwana, ndipo sayenera kupitirira kanayi pa maola 24. Akaculuka amaononga ciwindi. Apa m'pamene kuuzana kuli kofunika. Mwana akamwa kunyumba m'mawa, kenaka apatsidwanso kusukulu, ndipo madzulo amwa mankhwala a cimfine amene alinso ndi paracetamol mkati, mlingo umapitirira popanda wozindikira.

Acinayi ndi asipirini. Ana osakwana zaka 16 sapatsidwa asipirini pokhapokha dotolo atalamula, cifukwa angayambitse matenda oopsa a ubongo ndi ciwindi ochedwa Reye. Mapiritsi ena a mutu ogulitsidwa pa tuntemba ali ndi asipirini mkati. Werengani pa pepala musanagule.

Gulani mankhwala m'masitolo a mankhwala okhala ndi cilolezo. Bungwe la ZAMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala la 2013, ndilo limalembetsa mankhwala ndi malo ogulitsira. Mu 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira ku Gambia, ndipo bungwe la WHO linacenjeza za mankhwala amadzi a cifuwa ndi cimfine amene anapezeka ndi ciphe. Botolo lopanda dzina la wopanga kapena tsiku lothera mphamvu lisaloledwe pakamwa pa mwana.

Ana okhala ndi matenda okhalitsa

Awa ndiwo ana amene kubisa kumawaika pa ngozi yaikulu.

Mwana wa khunyu amafunika kumwa mankhwala ake tsiku lililonse. Kuwasiya mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa koopsa. Khunyu siyambukira, ngakhale kudzera m'malovu. Mwana akagwa, cotsani zinthu zimene zingamupweteke, ikani cinthu cofewa pansi pa mutu, ndipo kugwedezeka kukaleka mugonekeni cammbali. Musaike sipuni kapena cala m'kamwa mwake, musamupanikize, ndipo musamupatse madzi asanatsitsimuke bwino. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, athamangitsidwe kucipatala.

Mwana wa cifuwa ca asima amafunika kacipangizo kake kopopera mankhwala m'kamwa, kamene ambiri amakacha inhela, kakhale pafupi nthawi zonse. Kasatsekeredwe m'kabati imene kiyi wake wapita ndi munthu ku Chongwe. Mwana wamkulu amene anaphunzitsidwa angakasunge yekha, sukulu itadziwa. Fumbi la mu Ogasiti ndi Sepitembala, utsi wa moto wa m'chire ndi kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi zimadzutsa matendawa. Mwana akalephera kumaliza ciganizo cifukwa ca kubanika, apite kucipatala nthawi yomweyo.

Mwana wa matenda a shuga amene amabaya nyeleti ya insulini sayenera kudumpha cakudya. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta kapena kulankhula zosokonezeka, apatsidwe madzi a shuga msanga ngati akutha kumeza, ndipo kholo liitanidwe.

Mwana wa sickle cell amafunika kumwa madzi pafupipafupi, kuvala zofunda kukazizira, ndi kuloledwa kupuma pa masewera kapena pa nchito za pabwalo. Kutentha thupi kwa mwana wotere sikudikira mawa.

Mwana amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB sayenera kudumpha tsiku. Ana ambiri a msinkhu wa sukulu amamwa ma ARV kamodzi pa tsiku, motero amamwera kunyumba. Vuto limakula m'masukulu ogonera komweko, kumene ana ena amabisa botolo kapena kusiya kumwa poopa kusekedwa. Kholo silikakamizidwa kuuza sukulu yonse za umoyo wa mwana. Koma n'kwanzeru kusankha munthu mmodzi wamkulu wodalirika, mogwirizana ndi mwanayo, woti asunge mankhwala pa malo obisika ndi kumulola kupita kukiliniki pa tsiku lake. Mphunzitsi wouzidwa cinsinsi cotere asaciulule kwa aphunzitsi anzake kapena kwa ana.

Tsiku la mankhwala a njoka za m'mimba ndi likodzo

Pali nthawi imene aphunzitsi amapatsa ana onse mankhwala, moyang'aniridwa ndi anchito a zaumoyo. Awa ndi mankhwala a njoka za m'mimba, albendazole kapena mebendazole, ndi a likodzo ochedwa praziquantel. Njoka za m'mimba zimacepetsa magazi ndi kufooketsa mwana. Likodzo limagwira ana amene amasamba, kusewera kapena kuwedza m'mitsinje ndi m'madamu momwe muli nkhono zosunga tizirombo take, ndipo cizindikiro cake codziwika ndi magazi m'mkodzo.

Mlingo wa praziquantel umapimidwa ndi kutalika kwa mwana pa ndodo yokhala ndi zizindikiro. Mwana ayenera kudya asanamwe, cifukwa pa mimba yopanda kanthu mankhwalawa amacititsa cizungulire, nseru ndi kupweteka kwa m'mimba. Zimenezi zimatha paokha m'maola ocepa. Sukulu ikalengeza tsikuli, mupatseni mwana cakudya ca m'mawa, ndipo uzani mphunzitsi ngati mwana akudwala, ali ndi khunyu kapena akumwa mankhwala ena.

Nsabwe za m'mutu

Nsabwe, zimene ambiri mu Lusaka amazicha inda, ndi tizirombo ta miyendo 6, totalika mamilimita 2 mpaka 3, pafupifupi ngati njere ya citowe. Tilibe mapiko ndipo sitidumpha. Timangokwawa. Timayamwa magazi pa khungu la m'mutu kangapo pa tsiku.

Nsabwe yaikazi imaikira mazira pafupifupi 6 pa tsiku, ndipo imawamatira ku tsitsi pafupi ndi khungu pamene pali pofunda. Mazirawa, amene akuluakulu amawacha mina, amaswa patapita masiku 8 kapena 9. Kansabwe kamakula m'masiku 9 mpaka 12, ndipo nsabwe yaikulu imakhala ndi moyo masiku pafupifupi 30 pa mutu wa munthu. Ikagwa pansi imafa m'tsiku limodzi kapena awiri cifukwa cosowa magazi.

Zimafala mitu ikakhudzana: ana atatu kapena anayi akaweramira buku limodzi pa desiki, akamasewera, akamalukana tsitsi, ndi akamagona pa mphasa imodzi. Nthawi zina zimayendanso ndi cipeso, cipewa, duku kapena pilo. Sizicokera kwa agalu, amphaka, nkhuku kapena mbuzi. Nsabwe za munthu zimakhala pa munthu cabe.

Nsabwe si cizindikiro ca uve, si cizindikiro ca umphawi, ndipo si malodza kapena kulodzedwa monga mmene ena amanenera. Zimapezeka m'masukulu a ku London ndi New York monga mmene zipezekera ku Chongwe. Mwana wosamba kawiri pa tsiku angazitenge. M'miyezi ya cilimwe, pamene mtsinje wa Chongwe umaphwa ndipo madzi amavuta, makolo asaganize kuti nsabwe zabwera cifukwa mwana sanasambe mokwanira. Sopo ndi madzi paokha sizicotsa mazira.

Nsabwe za m'mutu sizifalitsa matenda, ndipo sizipatsira kacirombo ka HIV. Vuto lake ndi kuyabwa, kusowa tulo ndi zilonda zobwera ndi kukanda. Zimasiyana ndi nsabwe za m'zovala, zimene zimabisala m'misoko ya malaya ndipo zingafalitse matenda a typhus. Zimenezo zimathetsedwa ndi kucapa ndi madzi otentha, kusita ndi kusintha zovala.

Mmene mungazidziwire

Kuyabwa kumacedwa. Mwana amene watenga nsabwe koyamba angathe masabata 4 mpaka 6 asanayambe kukanda. Ndiye cifukwa cake n'kwabwino kuona m'mutu mwa mwana kamodzi pa sabata, makamaka temu ikangoyamba ndi pamene ana abwera pa chuthi kucokera kusukulu zogonera.

Khalani panja pamene pali kuwala. Gawani tsitsi pang'onopang'ono, muyang'ane kuseri kwa makutu ndi kunkhongo, kumene nsabwe zimakonda. Ngati tsitsi ndi lolukidwa, limasuleni. Pesani ndi cipeso ca mano othinana, kuyambira pa khungu mpaka kunsonga, ndipo pukutani cipesoco pa nsalu yoyera.

Umboni weniweni ndi nsabwe yamoyo yoyenda. Mazira amoyo amakhala pafupi kwambiri ndi khungu, osapitirira mamilimita 6. Popeza tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, mazira oyera amene ali kutali ndi khungu nthawi zambiri amakhala makoko akale. Mfundu ya m'mutu imagwa mukaikutumula, koma dzira la nsabwe limakakamira.

Musasokoneze nsabwe ndi zipere. Zipere zimapezeka kwambiri pakati pa ana a sukulu, ndipo zimaoneka ngati mabwalo otuwa pamene tsitsi lathothoka. Zimayamba ndi fangasi, zimafala ndi zipeso ndi makina ometera, ndipo za m'mutu sizimva mafuta opaka okha. Zimafuna mapiritsi a kukiliniki, monga griseofulvin, omwa kwa masabata angapo. Mphere nazo n'zosiyana: zimayabwa usiku pakati pa zala, m'mikono ndi m'ciuno, ndipo banja lonse limalandira cithandizo pamodzi.

Njira zothetsera nsabwe

Njira yoyamba ndi kupesa tsitsi lonyowa. Sambitsani mwana m'mutu, pakani mafuta ofewetsa tsitsi ambiri, ndipo pesani mbali iliyonse ndi cipeso ca mano othinana, mukupukuta cipeso nthawi iliyonse. Bungwe la zaumoyo la boma la ku Britain limalangiza kucita zimenezi pa tsiku loyamba, pa tsiku la 5, la 9 ndi la 13, kenaka kuonanso pa tsiku la 17. Masikuwa anasankhidwa kuti tinsabwe tongoswa kumene ticotsedwe tisanayambe kuikira mazira.

Njira yaciwiri ndi kumeta. Ana ambiri a m'masukulu athu amameta kale, ndipo kumeta mpala kumacotsa nsabwe ndi mazira nthawi imodzi. Koma si lamulo, ndipo mtsikana asametedwe mokakamiza ngati cilango. Gwiritsani nchito lezala latsopano pa mwana aliyense, ndipo makina ometera ayeretsedwe, cifukwa zipangizo zobwerekana zimafalitsa zipere ndi matenda oyenda m'magazi.

Njira yacitatu ndi mankhwala a nsabwe a kukiliniki kapena a m'sitolo ya mankhwala. Odziwika ndi permethrin wa 1 peresenti, amene amakhala m'mutu mphindi 10, malathion wa 0.5 peresenti, amene amakhala maola 8 mpaka 12, ndi dimeticone, amene amapha nsabwe pozikuta. Ambiri mwa mankhwalawa sapha mazira onse, motero amapakidwanso patapita masiku 7 mpaka 10, monga mmene pepala lake lanenera. Musaonjezere mlingo, musasakanize mitundu iwiri, ndipo tetezani maso a mwana. Malathion wina amayaka moto, motero mwana akhale kutali ndi mbaula ndi kandulo mpaka tsitsi litauma. Za mwana wosakwana zaka ziwiri, mwana wa asima, mwana wa zilonda m'mutu ndi mayi woyembekezera, funsani kaye kukiliniki.

M'maiko ambiri nsabwe zina sizikumvanso permethrin. Ngati mwapaka kawiri motsatira malangizo koma nsabwe zamoyo zikuonekabe, bwererani kukiliniki kuti akusinthireni.

Onani m'mutu mwa aliyense wa m'nyumba, ndipo onse opezeka ndi nsabwe athandizidwe tsiku limodzi. Amene alibe asapakidwe mankhwala. Mapilo, maduku, zipewa ndi zofunda zimene mwana anagwiritsa nchito m'masiku awiri apitawo zicapidwe ndi madzi otentha kwambiri, ziyanikidwe padzuwa ndi kusitidwa. Zipeso ziviikidwe m'madzi otentha kwa mphindi 5 mpaka 10. Zimene sizicapika zimangidwe m'pulasitiki kwa masabata awiri. Kupopera nyumba n'kosafunika.

Zimene siziyenera kukhudza mutu wa mwana

Boma la Chongwe ndi la alimi, ndipo m'nyumba zambiri muli mankhwala opopera matimati, repu ndi cimanga, osambitsira ng'ombe kuti nkhupakupa zife, ndi osungira cimanga m'matumba. Onsewa asapakidwe pa mwana ngakhale atasungunulidwa. Ciphe cimalowa kudzera pa khungu, makamaka pamene pali zilonda zokanda. Cimodzimodzinso mankhwala opopera nchenche ndi mphemvu, ndi osambitsira agalu.

Palafini, petulo ndi dizilo zimatentha khungu, ndipo nthunzi yake imagwira moto. Mwana wopakidwa palafini akayandikira mbaula, koloboyi kapena kandulo pa nthawi imene magetsi azima, mutu wonse umayaka m'kanthawi kocepa.

Ngati mwana wapakidwa kale mankhwala a kumunda, zizindikiro za ciphe ndi kutuluka malovu ambiri, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, kufooka, kugwedezeka kwa minofu ndi kuvutika kupuma. Muvuleni zovala, musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo pitani naye msanga kukiliniki yapafupi kapena ku cipatala ca boma ca Chongwe, mutanyamula botolo la mankhwalawo. Musamusanzitse, ndipo musataye nthawi ndi mkaka, cifukwa sucotsa ciphe. Uzani namwino zoona zonse. Iye afuna dzina la mankhwala kuti apulumutse mwana.

Kodi mwana wa nsabwe akhale kunyumba?

Iyai. Bungwe la madotolo a ana la ku America linabwerezanso mu 2022 kuti mwana asacotsedwe m'kalasi cifukwa ca nsabwe kapena mazira ake, ndipo malangizo a zaumoyo a ku Britain amanena cimodzimodzi. Pamene nsabwe zaoneka, mwana amakhala atakhala nazo kale masabata angapo, motero kumubweza tsiku limenelo sikuteteza anzake. Kumangomutayitsa maphunziro. Amalize tsiku, athandizidwe madzulo, ndipo m'mawa mwake abwerere m'kalasi.

Mphunzitsi auze kholo mwamseri. Mwana asachulidwe dzina pa mzere wa m'mawa, asakhazikidwe payekha, ndipo asametedwe pamaso pa anzake. Ngati ana angapo apezeka ndi nsabwe, sukulu itumize uthenga kwa makolo onse a kalasilo popanda maina, kuti aliyense aone mwana wake sabata imodzimodziyo. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi ingathandize kufalitsa uthengawu ndi kupempha anchito a zaumoyo kuti adzalankhule pa msonkhano.

Kholo nalo likapeza nsabwe liuze mphunzitsi. Likakhala cete, mwana wake adzacira lero koma adzazitenganso kwa mnzake wa pa desiki sabata yamawa.

Nthawi yokhala kunyumba ndi nthawi yothamangira kucipatala

Pali matenda amene amafunadi kuti mwana asapite kusukulu: kutentha thupi, kusanza, kutsegula m'mimba, cikuku, katsabola ndi maso ofiira otuluka mafinya. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 unacititsa kuti masukulu a dziko lonse acedwe kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale 2024. Mwana wotsegula m'mimba mwamadzi kwambiri apatsidwe madzi a ORS ndi kupita naye kucipatala mosacedwa.

Pitaninso kukiliniki ngati zilonda za m'mutu zayamba mafinya, ngati m'khosi mwatuluka zotupa, ngati nsabwe zili m'nsidze, kapena ngati mwana wadwala atamwa mankhwala alionse.

Kuciyambi kwa temu ikubwerayi, patulani tsiku limodzi mukaonane ndi mphunzitsi wa kalasi la mwana wanu. Siyani nambala ya foni imene imagwira, chulani matenda ndi mankhwala a mwanayo, ndipo funsani amene amasunga mankhwala pa sukulupo. Madzulo ake khalani ndi mwana pa khonde dzuwa lisanalowe, mumuone m'mutu.